Manambala a Achimwene

1. Nsalu ichoka pa kompyuta

Dzina lakuti Kampando anamupatsa ndi achimwene ake. Ali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mtsikanayu sankalola kuti kompyuta iyatsidwe iye kulibe. Akangomva ikulira, ankakoka kampando kake kathabwa kuchokera kukhitchini, kwee kwee pansi, mpaka kukakaika pambali pa tebulo la achimwenewo. Anthu okhala m'nyumba ya pansi ankachita kugogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache. Dzinalo linamukanirira, moti ngakhale tsopano, atamaliza sekondale, amayi ake omubereka ankamuitana lomwelo.

Achimwenewo anali atatha zaka ziwiri chichokereni kupita kukagwira ntchito pa sitima zonyamula katundu. Poyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse. Kenako mwezi ukatha. Kenako kunangotsala timauthenga tatifupitifupi, ngati kuti zilembozo amachita kugula.

Mwezi umenewo zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Kampando anasankhidwa kukaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja, ndipo kalata yake inati wophunzira aliyense abwere ndi laputopu. Amayi ake nawonso anapeza nyumba yaing'ono pafupi ndi fakitale yosoka zovala kumene ankagwira ntchito, nyumba yoti tebulo lalikulu silingalowemo. Amayiwo atawalembera achimwene za kompyuta yawo, yankho linabwera patatha masiku anayi: "Gulitsani. Mwanayo agulire laputopu."

"Basi?" anafunsa Kampando.

"Umafuna alembe buku?" anatero amayi ake, akukulunga mbale m'manyuzipepala.

Mtsikanayo zinamuwawa. Iyenso anali atatha miyezi isanu osawaimbira. Woiwala anzake, ankatero, naye aiwalidwe.

Loweruka m'mawa anachotsa nsalu imene inaphimba kompyutayo. Linali bokosi lakuda lofika m'bondo, pakona pake pokalika pamene linagunda masitepe tsiku lomwe linabwera. Zam'kati mwake achimwene anachita kusonkhanitsa okha, chidutswa chaka chino, china chaka chamawa. Fungo la fumbi lotentha litangomufika pamphuno, masiku akale aja anabwera onse.

Kale Loweruka masana inali nthawi ya mpikisano wa magalimoto pa intaneti. Achimwene ankachotsa chivundikiro cha m'mbali mwa bokosilo, n'kubwereka fani ya amayi osapempha, n'kuilozetsa m'kati.

"Ine ndikupsa kuno," ankatero amayi ali kuchipinda, "makina ndiwo akupuma mphepo ya bwana."

Ntchito ya Kampando inali kugwira kope. Achimwene akatchula manambala, iye ankalemba. Akati fufuta, ankafufuta. Miyezi itatu yathunthu ankatsitsa manambalawo pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene anamuuza kuti alembe 14-14-14-32 ndi kuwazunguliza katatu ndi cholembera chofiira. Tsiku limenelo anapambana mpikisano, ndipo anamunyamula m'mwamba ndi kampando komwe.

Koma achimwenewo anali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Kampando akangoti akufuna kulembapo ntchito ya kusukulu, iwo ankati, "Yamba wakanditungira madzi akumwa. Kapuyo uitsuke kaye." Nthawi zonse, osaphonya. Madziwo kawirikawiri sankamwa n'komwe.

"Kodi ndine wantchito wanu?" ankatero mwanayo, mlomo uli kutsogolo.

"Lendi ya kompyuta imeneyo, mayi. Thamanga."

Tsiku lonyamuka, achimwene anasewera mpikisano mpaka galimoto yowatenga inaliza hutala panja. Anazimitsa mothamanga, n'kutseka chivundikiro, ulendo. Kuchokera pamenepo kompyutayo inayamba matenda. Ikagwira ntchito mphindi makumi anayi, makamaka kukatentha, inkangouma, kenako sikirini yonse buluu. Tsiku lina inamudyera lipoti la sayansi la masamba asanu ndi anayi. Kampando sanauze munthu aliyense. Anangoiphimba ndi nsalu.

2. Pansi pa masitepe

Malume ake, mlongo wa amayi ake, ankakonza makompyuta m'kashopu ka pansi pa masitepe, m'nyumba yaikulu yodzaza ndi ogulitsa mafoni. Anali munthu wa magalasi awiri, ena pamphuno, ena pamutu, ndipo tsiku silinkatha asanafunefune a pamutuwo. Amayi anathandiza Kampando kufikitsa bokosilo, n'kubwerera kukapitiriza kumanga katundu.

"Tione chuma cha mnyamata wathu," anatero malume, akumasula chivundikiro. Masikulu ake omangira anali opyapyala mitu chifukwa chomasulidwa kawirikawiri. Malume anawayang'ana nthawi yaitali pachikhatho.

Anayatsa tochi n'kuyamba kuloza ndi kaburashi.

"Tamvera, poti ukupita kukaphunzira. Kompyuta yakale sitiika mtengo poyang'ana nkhope yake, kapena poti mwini wake ankaikonda. Chikondi sichigulitsidwa. Timayang'ana chiwalo chilichonse pachokha, n'kufunsa kuti lero munthu angachigule bwanji. Ili ndi khadi la zithunzi, lomwe limajambula zonse zimene umaona m'masewera. Ndilo lanyamula theka la mtengo. Lakalamba, koma mafani ake akuzungulira osalira. Iyi ndi pulosesa, ubongo wake. Ikadali ndi zaka. Bokosi la magetsi ili anagula labwino, sanaumire, ndiye ndikumupatsa ulemu. Bokosi lakunjali, mtengo wake ndi wa chidebe chabe."

Kampando anaseka, ngakhale mawu akuti chidebe anamubaya pang'ono.

Malume analumikiza mawaya n'kuyatsa. Isanafike kumasewera, anadina batani kangapo, ndipo panatuluka tsamba lotuwa lodzaza manambala.

"Muno timati mu bayosi," anatero. "Ndi mmene kompyuta imasunga malamulo ake." Anatsitsa magalasi a pamutu aja pamwamba pa anzake. "Aa. 14-14-14-32. Mnyamata ameneyu."

"Ndinalemba ndine manambala amenewo," anatero Kampando monyadira.

"Ukudziwa tanthauzo lake?"

"Amathamangitsa kompyuta."

"Eya, koma motani? Tizidutswa tiwiri iti ndi memori. Pulosesa ikafuna chinthu, imatuma memori, n'kudikira. Manambalawa ndi nthawi yodikirayo. Akachepa, kudikira kumachepa. Zili ngati wantchito wa m'sitolo amene wamuuza kuti, ndikakutuma kumashelefu uzibwera ndisanawerenge mpaka khumi. M'mawa kukuzizira akwanitsa. Masana akatopa abwerabe pa nthawi yake, koma m'malo mwa shuga abweretsa mchere."

Kenako malume anatenga kapepala n'kulembapo mitengo iwiri.

"Ngati memoriyi imayenda pa 14 tsiku lonse osalakwitsa, ndi yapamwamba, ndipo mtengo wa kompyuta yonse ndi uwu. Ngati ndi memori wamba yochita kukakamizidwa, tiibwezera pa liwiro lake, ndipo mtengo ndi wam'munsiwu."

Kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Koma mu shopu yoyandikana nayo munali laputopu yasiliva, yopyapyala, imene Kampando anali ataiyendera katatu sabata imeneyo. Mtengo wapamwambawo unkaifikira ndendende. Wam'munsiwo sunkaifikira.

"Ndiye tandiuza," anatero malume. "Imavuta?"

"Ayi," anayankha Kampando, maso ali pa kapepala. "Siivuta."

Malume anangoti "Hmm." Nthawi yomweyo munthu wa ku ofesi ya pamwamba anasuzumira kuti pulinta yawo yameza pepala. Malume anatenga thumba la zida.

"Pali mtsikana amene ndinamuuza za kompyutayi. Akabwera, umuonetse."

3. Mphindi khumi

Sipanatenge nthawi, wogulayo anafika. Anali mtsikana wamkulupo kuposa Kampando, ndipo kumsana anabereka chubu chakuda chosungiramo mapepala. Anati amaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo ali chaka chomaliza.

"Ndiye ndi imeneyi, chemwali?" anafunsa, akusisita pakona pokalika paja.

"Ndi yomweyi, achemwali. Khalani apa muione."

Kampando anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangokwana kumene 11 koloko. Anatsegula mpikisano wa magalimoto uja. Msewu unatuluka pa sikirini uli see, mitengo ikudutsa ngati yeniyeni, mvula ikumenya pagalasi. Kenako anatsegula pulogalamu yoyeza liwiro, ndipo nambala imene inatuluka inamukweza nsidze mlendoyo.

"Pa zaka zake, ikuthamanga chonchi?"

"Achimwene anga anaikonza okha. Memori yake imayenda pa 14."

Limenelo silinali bodza. Bodza linali m'zimene anasiya kunena, ndipo Kampando ankadziwa bwino lomwe. Wotchi itadutsa mphindi khumi, anatseka zonse mofulumira, n'kunena kuti malume sakonda kuwononga magetsi.

Wojambula mapulani uja anali atakondwa ndithu. Anamasula chubu chake n'kutambasula pepala limodzi patebulo. Panali chithunzi cha laibulale ya ana, ya mawindo aataliatali ndi masitepe ozungulira.

"Masewera ndimasewera Loweruka lokha," anatero. "Chimene ndikuifunira kwenikweni ndi ichi. Pulani iyi ndiye mayeso anga omaliza. Kuti nyumbayi ioneke ngati yomangidwa kale, kompyuta imayenera kugwira ntchito maola asanu ndi limodzi osapuma. Kusukulu makompyuta alipo anayi, ife tilipo makumi atatu. Timachita kulimbirana ngati madzi a pampopi. Kwatsala masabata atatu."

"Maola asanu ndi limodzi," anabwereza Kampando.

"Nthawi zina asanu ndi atatu. Koma iyi ikwanitsa, ndaiona. Ndibwera 4 koloko kudzaitenga. Musagulitse kwa wina, chonde."

Anakulunga pepala lake, n'kutuluka akumwetulira. Kampando anatsala atakhala, manja ali pa kiyibodi ya kompyuta yozimayo.

4. Funso la mayi wotayipa

Malume anabwerera manja ali bii ndi inki. Atamva kuti wogula wakhutira ndipo abwera madzulo, anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kukoka mpando.

"Anaiona nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi khumi."

"Ndipo ukufuna mtengo wapamwamba."

"Iye wavomera yekha, malume. Sindinamukakamize."

Malume anavula magalasi onse awiri n'kuwaika patebulo.

"Mwana wa mlongo wanga, katunduyu si wanga. Ndi wa kwanu, ndipo achimwene ako anakupatsa iweyo. Ine sindikulanda. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye undimvere mpaka ndimalize.

"Ndili ndi zaka ngati zakozo ndi pang'ono, ndinali ndi katebulo pakhonde la sitolo ya munthu. Kunabwera mayi wina wotayipa, wa ana atatu. Ankalembera anthu makalata ndi malipoti, ndipo ankafuna kompyuta yakeyake. Ndinali nayo ina yokongola kunja, koma memori yake inkalakwitsa ikatentha. Ndinkadziwa. Ndinamuonetsa m'mawa kukuzizira, anaikonda, anatenga. Ine ndinagula nsapato zatsopano.

"Tamvetsa chinthu chimodzi. Anthu amaganiza kuti memori ikalakwitsa, kompyuta imazima. Kuzimako ndiye chifundo chake. Nthawi zambiri siizima. Imangosintha kanthu kamodzi mwakachetechete, n'kusunga cholakwikacho ngati cholondola. Lero kamodzi, mawa kamodzi. Mwini wake sakudziwa, akungopitiriza ntchito. Tsiku lofunika kwambiri akatsegula, apeza zonse zavunda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Mayi uja ankatayipira mphunzitsi wina buku la kafukufuku, ntchito ya miyezi inayi. Sabata yoti apereke, bukulo linakana kutseguka. Kope lina limene anasunga padera linali lovunda chimodzimodzi, poti linachokera momwemo. Ntchito inamuthera, ndipo mbiri yake inaipa.

"Anabwera pa katebulo kanga. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndinali nditakonzeratu mayankho. Sanalalate. Anangoima, chikwama chili m'manja, n'kundifunsa kuti, 'Munkadziwa?' Ine ndinati ayi. Anandiyang'ana, n'kutembenuka, n'kumapita.

"Nsapato zija zinatha kalekale. Zaka makumi awiri ndi zisanu zadutsa. Mayiyo alipo, wakalamba, amadutsa mumsewu uwu kupita kuchipatala. Ine ndikamuona ndimalowa pansi pa masitepe ngati khoswe. Munthu wamkulu, wa imvi zanga. Ndimafuna nditamuuza kuti inde, ndinkadziwa, koma pakamwa pamalemera chaka ndi chaka.

"Achimwene ako ankasewera chivundikiro chili chochotsa. Masikuluwa andiuza. Wogula wakoyu akatseka bokosi, akaika pansi pa tebulo, m'chipinda chotentha. Zotsalazo ukuzidziwa kuposa ine."

Atatero anatsegula kabati, n'kutulutsa kafulashi kachikasu, n'kukaika pafupi ndi dzanja la Kampando.

"Muno muli pulogalamu yoyeza memori. Ukalowetsa n'kuyatsa, imayamba yokha. Mizere yofiira ikatuluka, ndiye kuti memori ikulakwitsa. Ukapanda kulowetsa, palibe amene adziwe, ndipo ine sinditsegula pakamwa. Ndikukadya. Ndibwera 1 koloko."

Anavala magalasi amodzi, ena aja n'kuwaiwala patebulo.

5. Mayina awiri

Kampando anatuluka kukaima pakhomo. Laputopu yasiliva ija inali pomwepo, kuseri kwa galasi, ikuwala. Mwini shopuyo anamukodola momwetulira, poti anali atamuzolowera. Mtsikanayo anabweza moni, n'kuima pamenepo kanthawi ndithu.

Kenako anakumbukira lipoti lake la sayansi, ndi mmene analirira pakhonde la sukulu mphunzitsi atakana kumva. Amenewo anali masamba asanu ndi anayi chabe.

Analowa, anamanga chivundikiro ndi masikulu onse anayi, analowetsa kafulashi, n'kuyatsa.

Sikirini inakhala ya buluu, manambala oyera akuthamanga pamwamba. Mphindi khumi, kuli zii. Makumi awiri, zii. Makumi atatu, mpaka mtima unayamba kumunamiza kuti mwina matenda aja anatha okha. Itakwana mphindi ya makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, mzere wofiira unatulukira m'munsi. Kenako wina. Malume pobwera anapeza theka la sikirini lili psuu.

"Ndinakunamizani, malume," anatero Kampando asanafunsidwe. "Imavuta. Yakhala ikuvuta zaka ziwiri."

"Ndamva," anatero malume. Anangopeza magalasi ake n'kukoka mpando. "Lowa mu bayosi. Uchita ndi manja ako."

Tsamba lotuwa lija litatuluka, anamufotokozera kuti ayambe ndi kukweza nambala yoyamba kufika pa 16, ziwiri zotsatira pa 18, yomaliza pa 36, kenako atsitse pang'ono mphamvu ya magetsi yopita ku memori kuti isamatenthe. Akatero ayezenso. Mzere wofiira ukatulukanso, akwezenso.

"Kuthamanga si kufika," anatero. "Mupatse mpata wantchitoyo apume."

Kampando anafikitsa chala pa batani, koma sanadine. Manambala aja anali pamaso pake, omwe aja anawazunguliza katatu ndi cholembera chofiira. Nyumba imene anakuliramo inali m'makatoni. Fani ya amayi inafa chaka chatha. Kampando kathabwa kaja kanathyoka mwendo. Chimene chinatsala cha masiku amenewo chinali manambala anayiwo basi.

"Miyezi itatu anavutika nawo," anatero motsitsa mawu. "Ndikawafufuta, ndiye kuti zonse zatha."

"Sitifufuta. Bayosi imasunga malamulo angapo, lililonse ndi dzina lake. Tsegula apo palembedwa zosunga. Tisunge ake kaye, kenako tilembe ako."

Anatsegula. Panatuluka mizere isanu ndi itatu. Isanu ndi umodzi inali yopanda kanthu. Woyamba unalembedwa kuti MPIKISANO. Wachiwiri unalembedwa kuti KAMPANDO.

Mtsikanayo anayang'ana dzina lake, n'kuyang'ana malume.

"Si ine," anatero malume. "Tatsegula tione."

Anadina. Manambala anasintha pamaso pawo: 16-18-18-36, ndipo mphamvu ya magetsi inatsika yokha. Anali omwe aja malume anali atangotchula kumene.

Malume anaseka chapansipansi, akupukusa mutu.

"Mnyamata ameneyu sanali chitsiru. Ankadziwa kuti a 14 aja ndi a masewera, fani ili pambali. Ikazima pa masewera, wangoluza mpikisano. Koma pa ntchito yako ya kusukulu sankafuna kuika moyo pachiswe. Iwe ukamakhala, ankasinthira kuno. Tsiku lochoka lija ayenera kuti anaiwala kubwezera."

"Ayi, malume. Ndikanaona. Sindinawaonepo akusintha."

"Kusinthaku n'kosabisika. Uyenera kuzimitsa, kuyatsa, kulowa muno, kusankha, kuyatsanso. Mphindi ziwiri, kaya zitatu."

Mphindi ziwiri, kaya zitatu. Kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini, kutsuka kapu, kuthira madzi, kubwerera osataya.

"Madzi aja," anatero Kampando.

"Madzi ati?"

Kampando anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo analira kwenikweni, mutu uli pa tebulo la malume pakati pa masikulu ndi mawaya. Anawasowa kwambiri achimwene ake. Zaka zonsezo ankawanena kuti ndi aulesi otuma mwana, pamene iwo ankamuteteza osafuna kuthokozedwa.

Malume anamusiya alire. Atatonthola, anamupatsa kansalu kopukutira, kokhala ndi inki pang'ono, n'kumuuza kuti alowetsenso kafulashi.

6. "Munkadziwa?"

Pofika 4 koloko, sikirini inali ikadali ya buluu yokhayokha, popanda kadontho kofiira. Wojambula mapulani uja anafika ndi mnzake wa galimoto, amene anatsala panja. Ataona manambala akuthamanga, anaima.

"Chavuta n'chiyani?"

Malume anatenga foni ya kasitomala wina n'kuyamba kuimasula, ngati samva.

Kampando anaimirira. Anafotokoza zonse: za manambala a 14, za fani ya amayi, za mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, za mizere yofiira. Anati tsopano yabwezedwa pa liwiro lake lenileni, ndipo nambala ija ya m'mawa sidzatulukanso, itsika pang'ono. Anatulutsa kapepala kaja n'kuloza mtengo wam'munsi.

Mlendoyo anamvetsera mpaka pamapeto. Nkhope yake inali itasintha.

"M'mawa muja," anatero, "pamene ndinkakuonetsani laibulale yanga. Munkadziwa?"

Manja a malume anaima pa foni ija.

"Inde," anayankha Kampando. "Ndinkadziwa. N'chifukwa chake ndinatseka msanga. Pepani."

"Zaka zinayi za sukulu. Mukanandithera zaka zinayi chifukwa cha kusiyana kwa timanambala tiwiri iti."

"Ndi zoona."

Panja wina ankayesa sipika, nyimbo ikuyamba n'kuduka. Mtsikana wa mapulani anayang'ana pakhomo, ndipo Kampando anaona kuti akhoza kutuluka osabweranso.

"Bambo," anatero pomaliza, akuyang'ana malume, "kuyezaku kumatenga nthawi yaitali bwanji kuti munthu akhulupirire?"

"Tiisiya ikuyenda mpaka Lolemba, chivundikiro chotseka. Mudzaone nokha ndi maso."

"Ndidzabwera Lolemba. Ndikadzapeza ngakhale mzere umodzi wofiira, sinditenga. Ikadzakhala yoyera, ndidzatenga pa mtengo wam'munsiwo." Anakonza chubu chake kumsana. Pakhomo anatembenuka. "Sindinakukhululukireni, chemwali. Koma Lolemba ndikufuna mudzandionetse mmene mumayezera. Ndikufuna ndizidziwa ndekha."

Atapita, malume anaika pansi sikuludiraiva. Anapukuta magalasi nthawi yaitali, ngakhale sanali akuda.

"Liwu limodzi lomwelo," anatero. "Ine landikanika zaka makumi awiri ndi zisanu."

Kenako anawerama pansi pa tebulo n'kutulutsa laputopu yakuda, yonenepa ngati buku la mapu, chivundikiro chake chikugwedera, batani limodzi palibe.

"Yasiliva ija uyiiwale. Mtengo wam'munsi ukufikira iyi, ndi batire latsopano. Anzako kukoleji adzakuseka, ndikuuziretu. Koma memori yake ndinayeza masiku atatu. Chivundikirochi udzakonza wekha."

Kampando anainyamula. Inali yolemera, ndipo sanaikonde. Anathokoza.

Anatuluka n'kukakhala pa masitepe, pamwamba penipeni pa kashopu ka malume, anthu akukwera ndi kutsika pambali pake. Anatulutsa foni. Nambala ya achimwene inali pansi kwambiri, pansi pa anzake onse a kusukulu. Anali atakonza kale choyamba kunena: awafunsa ngati kumeneko ali naye wowatungira madzi.

Foni inaitana kanayi. Kachisanu inayankhidwa.

"Achimwene, ndine..."

"Halo? Ndinu Kampando?" Anali mawu a mayi wachikulire, osawadziwa, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka kamakina kolira motsatizana. "Ndi dzina limene latuluka apa. Ndinu m'bale wa mwini foniyi?"

"Ndine mlongo wawo. Iwowo ali kuti?"

"Mwachita bwino kuimba, mwanawe. Ine ndine namwino, achimwene anu agonekedwa kuno kuchipatala. Foniyi ndi yokhoma, sitikanatha kuimbira aliyense. Taisunga pa chaja kuyambira Lachinayi, kudikira kuti wina wa kwawo aimbe. Mayi anu ali pafupi?"

Kampando anaimirira, laputopu yolemera ija ili m'khwapa, n'kuyamba kutsika masitepe akuitana malume.